Mlendo ndi Kalumo Kake: Za Akatswiri a Zisudzo Odzalankhula kwa Achinyamata

Masiku ano pafalikira mwambo wina umene tiyenera kuyamba tauthokoza tisanaupeze zifukwa. Sukulu ya sekondale ikamakonzekera mpikisano wa zisudzo, kapena gulu la achinyamata likafuna kuyamba kulemba maseŵero akeake, aphunzitsi ndi atsogoleri amaitana munthu amene ntchito yake ndi zisudzo kuti adzalankhule. Mwina amakhala woseŵera wodziŵika pa wailesi, mwina wotsogolera gulu loyendayenda m'maholo, mwinanso mlembi amene maseŵero ake adaonetsedwapo pamaso pa anthu olipira pakhomo. Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi iŵiriyi ikukhudza nkhani yathu, pakuti funso limene tili nalo ndi ili: kodi kalumo kameneka timakagwiritsa ntchito mame asanakamuke, kapena timangokatamanda kali m'thumba mwa mwini wake?

Tidakhalapo pa msonkhano wamtunduwu pa sukulu ina, tsiku Loŵeruka masana. Holo idadzaza. Oitanidwa anali bambo ena achikulire ndithu, amene adatha zaka zambiri akuyenda ndi gulu lao m'matauni ndi m'maboma. Mwambo udayamba mochedwa. Kudalankhula aphunzitsi oyang'anira zisudzo, kenaka mtsogoleri wa ophunzira, kenaka aphunzitsi aakulu, ndipo aliyense adalongosola mbiri ya bambowo ngati kuti eni ake saidziŵa. Pamene iwo adaimirira, dzuŵa linali litapendeka kale. Adasimba za ubwana wao, za umphaŵi umene adakuliramo, za maiko amene adafikako chifukwa cha luso lao, ndipo adatsiriza polimbikitsa ana kuti asataye mtima. Anthu adaomba m'manja kwa nthaŵi yaitali. Mafunso adalipo anai: mmodzi adafunsa m'mene munthu amatchukira, wina adafunsa kumene kumapezeka mabungwe opereka ndalama, wachitatu adapempha kuti bambowo alankhule ndi liwu limene amadziŵika nalo pa wailesi, wachinai adapempha kujambulitsa nao. Ana ambiri anali ndi makope m'manja, m'mene adalembamo maseŵero ao, koma palibe kope ndi limodzi lomwe limene lidatsekulidwa.

Phunziro lenileni lidachitikira panja, anthu akubalalika. Mtsikana wina wa Fomu 3 adalimba mtima, adaŵatsatira bambo aja mpaka pa galimoto, naŵapatsa kope lake ndi manja aŵiri. Iwo adaŵerenga tsamba limodzi ali chiimire. Kenaka adaloza mau amene mtsikanayo adaika m'kamwa mwa mai wolira mwana wake wothaŵa pakhomo, namuuza kuti aŵanene mokweza akuyenda. Mtsikanayo adayesa, koma mpweya udamthera asanafike pakati, pakuti chiganizo chake chinali cha mizere 6. Bambo aja adamfunsa ngati adamvapo mai wosweka mtima akulankhula motalika chotero pa maliro kapena pa bwalo la milandu. Adatenga cholembera, nadula mizere inai, namuuza kuti ayesenso. Mau otsalawo adamveka ngati a mai weniweni, ndipo ife amene tidaima pafupi tidangoti chete. Zonsezi sizidapitirire mphindi zisanu. Woyendetsa galimoto adaliza hutala, alendo napita. Tidabwerera kwathu tikudzifunsa chifukwa chake maola atatu adathera pa maulemu, pamene ntchito imene bambowo adaidzera idapatsidwa mphindi zisanu, m'fumbi, kwa mwana mmodzi yekha.

Nkhokwe yathu ili m'mitu ya anthu

Wina angathe kunena kuti palibe chodandaulitsa, popeza mwana wofuna kulemba angathe kuphunzira m'mabuku. Kumaiko kumene maseŵero amasindikizidwa chaka ndi chaka, yankho limeneli lingakhale ndi mphamvu. Kuno kwathu zinthu sizili choncho. Mpikisano wa zisudzo wa m'masukulu, wokonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, udayamba mu 1969. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College lidayamba mu 1970. Mu 1976 a Popular Publications a ku Limbe adasindikiza buku la Nine Malawian Plays, limene adasonkhanitsa James Gibbs, ndipo mu 1978 adatulutsa The Rainmaker, seŵero la Steve Chimombo lonena za M'bona. Mu 1987 Du Chisiza Junior adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene lidayesa kudya thukuta la zisudzo zokhazokha. Pambali pa ameneŵa panali gulu la Kwathu loseŵera m'Chicheŵa, ndiponso maseŵero a pa wailesi ya MBC monga Kapalepale ndi Pamajiga, amene mabanja ankamvera atazinga wailesi imodzi. Kuchokera mu 1969 papita zaka zopitirira 50, ndipo maseŵero amene aonetsedwa m'zaka zimenezi ndi osaŵerengeka. Koma tikaloŵa m'nyumba yogulitsira mabuku kukaŵafuna, timatuluka ndi ochepa kwambiri.

Ambiri mwa maseŵerowo adakhalira m'makope, pa mapepala otaipa ogaŵira oseŵera, kapena m'mitu ya anthu chabe, pakuti magulu ena ankangogwirizana mutu wa nkhani ndi mayendedwe ake, mau n'kumabadwa poyeserera. Tsono anthu amene adasunga zimenezi akutha. Du Chisiza adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, atalemba maseŵero opitirira 20. Mai Gertrude Kamkwatira, amene adatsogolera Wakhumbata mwini wake atapita, nadzayambitsa gulu la Wanna-Do, adamwalira mu 2006. Steve Chimombo adatisiya mu 2015. John Nyanga, amene dziko lonse linkaŵadziŵa kuti Izeki, adatsatira mu 2016, ndipo mnzao Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021. Aliyense wa iwo adapita ndi zinthu zimene sizidalembedwe paliponse: m'mene ankadziŵira kuti anthu m'holo ayamba kutopa, chimene ankachita woseŵera akaiŵala mau, chifukwa chimene adachotsera gawo lakuti pa chionetsero chachiŵiri. Motero katswiri akaimirira pamaso pa ana, tidziŵe kuti kwatsekuka nkhokwe imene mwina siidzatsekukanso. Kuseŵera ndi nthaŵi yotere n'chimodzimodzi kukazinga mbeu m'chaka cha njala.

Zimene woseŵera amadziŵa

Tisanyoze aphunzitsi a m'kalasi, pakuti ndiwo amaphunzitsa ana kuŵerenga seŵero ndi kulisanthula: mutu wake, anthu ake, phunziro lake. Komabe mphunzitsi amakumana ndi seŵero litapsa kale, pamene woseŵera amakumana nalo likadali pamoto. Iye amadziŵa ndi nthiti zake kuti chiganizo chokoma pa pepala chingathe kumtsamwitsa pa nsanja. Amadziŵa kuti munthu wokwiya salongosola mkwiyo wake, amangoika mbale pansi mwamphamvu, ndi kuti kanthaŵi kokhala chete kakaikidwa pamalo pake kamalasa mtima kupambana mau a tsamba lathunthu. Amadziŵanso vuto limene olemba ongoyamba kumene saliona konse: amaloŵetsa anthu asanu pa nsanja, aŵiri n'kumakambirana kwa nthaŵi yaitali, atatu enawo ali njo ngati zitsa, osadziŵa koika manja. Woseŵera amene adaimapo ngati chitsa pamaso pa anthu saiŵala manyazi ake, ndipo ndiye angathe kuuza mlembi wamng'ono kuti munthu asaloŵe pa nsanja ngati alibe chimene akufuna kwa amene aŵapezapo, ndipo asatuluke zinthu zili monga adazipezera.

Wotsogolera gulu loyendayenda ali ndi nzeru zina zimene ena amaziyesa zachabe chifukwa zimanunkha ndalama. Amadziŵa kuti holo ili ndi mtengo wake, kuti oseŵera amadya, ndi kuti seŵero la anthu 20 silingakwere minibasi imodzi pamodzi ndi katundu wake kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu. Mnyamata amene walemba nkhondo ya mafumu aŵiri, yokhala ndi asilikali, nyumba yachifumu ndi mtsinje wosefukira, ayenera kumva kwa munthu wotere kuti seŵero lakelo lidzakalambira m'kope. Akamva, adzayamba kufunafuna njira yoonetsera nkhondo yonseyo ndi anthu asanu ndi mpando umodzi, ndipo kaŵirikaŵiri seŵero limatuluka lamphamvu kuposa loyamba lija. Chimodzimodzinso wojambula maseŵero a pa wailesi. Iye amadziŵa kuti womvera alibe chimene akuona, kotero kuti kulira kwa chitseko, mtswatswa wa mapazi ndi dzina lotchulidwa pa nthaŵi yake ndizo zimamuuza amene waloŵa ndi pamene nkhani yafika. Zoterezi siziphunziridwa pa bolodi.

Koposa zonse, katswiri amadziŵa oonerera a kwathu kuno. Ife tidakulira pa nthano, pamene wosimba sapitirira osamva omvera akuvomera kuti tili tonse, ndipo chizoloŵezi chimenechi timapita nacho ku holo. Amalaŵi saonerera seŵero ali duu ngati ali m'kalasi. Amachenjeza mkazi kuti mwamuna wake akunama, amakuwiza wachinyengo, amatsiriza mwambi woseŵera asanautsirize, ndipo nthaŵi zina amaseka pamene mlembi ankayembekeza misozi. Izeki ndi Jakobo ankadziŵa kudikira kuti phwete lithe asanaponye mau otsatira, ndipo luso limeneli likhudza mlembi monga likhudzira woseŵera, pakuti mlembi ndiye amasiya mpata wake. Mwana amene waphunzira zisudzo poonera mafilimu pa foni sangazidziŵe zimenezi, chifukwa filimu siimva kuseka kwa munthu. Angamuuze ndi yekhayo amene adaimapo pa nsanja, monga ya malo aja a ku Blantyre amene kale ankatchedwa French Cultural Centre, tsiku Lamulungu masana anthu atadzaza, namva m'mene chidwi chao chinkakwerera ndi kutsika.

Olemba aakulu adaphunzira kwa oseŵera

Mbiri ya zisudzo kumaiko ena ikutsimikiza zomwezi. William Shakespeare, amene ana ambiri a m'dziko muno adaŵerengapo Macbeth wake ku sekondale, anali woseŵera m'gulu lomwe ankalilembera, kotero ankadziŵa liwu ndi msinkhu wa anthu amene ankaŵalembera mau. Adamwalira mu 1616. Anzake aŵiri oseŵera naye, John Heminges ndi Henry Condell, ndiwo adasonkhanitsa maseŵero ake 36 m'buku limodzi mu 1623. Mwa amenewo, 18 anali asanasindikizidwepo, ndipo Macbeth anali m'gulu lomwelo. Pakadapanda oseŵera aŵiriwo, mwina dziko likadataya theka la ntchito ya mlembi ameneyu. Kufupi kuno ku South Africa, Athol Fugard sadalembe Sizwe Banzi Is Dead wa mu 1972 ndi The Island wa mu 1973 ali yekha pa tebulo. Adaŵaumba pamodzi ndi oseŵera John Kani ndi Winston Ntshona, amene ankadziŵa ndi matupi ao kuŵaŵa kwa kuyenda ndi chiphaso cha tsankho m'thumba.

Chitsanzo cha ku Kenya n'chogwira mtima kopambana. Mu 1977 Ngũgĩ wa Thiong'o, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nairobi amene mabuku ake anali atadziŵika kale, adalemba pamodzi ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ seŵero la Ngaahika Ndeenda m'chinenero cha Chikikuyu. Adalitengera ku mudzi wa Kamĩrĩĩthũ, kumene alimi ndi antchito a m'mafakitale ndiwo ankaliseŵera. Poyeserera, pabwalo poyera, anthu wamba aja ankaimitsa seŵero n'kumakonza mau a olembawo, kuŵauza kuti nkhalamba siilankhula chotero ndi kuti ntchito ya m'fakitale siiyenda chotero. Seŵerolo lidakoka anthu ochuluka, mpaka boma lidaliletsa, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Ngũgĩ adatsekeredwa m'ndende popanda mlandu. Ngati munthu wophunzira chotero adayenera kuyala zolemba zake pansi pamaso pa amene adzazilankhule, nanji mwana wa Fomu 3! Seŵero silithera pa pepala. Msonkhano wa olemba maseŵero umene palibe tsamba limene laŵerengedwa mokweza ungakhale chisangalalo chabwino, koma phunziro la zisudzo mulibemo.

Pamene pakulakwika

Tsono ngati chuma chili chochuluka chotere, chimalakwika n'chiyani pa misonkhano yathu? Choyamba ndi chakuti timaitana mmisiri koma timamlandira ngati mfumu. Ulemu kwa mlendo ndi mwambo wathu wabwino, ndipo sitikunena kuti uthe. Koma ulemu ukachulukitsa umamanga mlendo manja: amaona kuti anthu akufuna kumva za ulemerero wake, ndiye amaŵapatsa zomwezo. Mbiri ya munthu wochoka mu umphaŵi nafika patali imakoma m'khutu, komabe imaphunzitsa mwana kusirira mpando wa mlendo n'kuiŵala thukuta lake. Mwana amatuluka m'holo ali ndi njala ya kutchuka, alibe ngakhale chida chimodzi chogwirira ntchito maŵa lake. Mlandu wa zimenezi ndi wa ife oitana kupambana wa woitanidwa. Tikadamfunsa za seŵero lake limene lidakanika, za tsiku limene anthu adatuluka lisanathe, ndi za chimene adasintha usiku womwewo, akadatiuza zinthu zimene sadauzepo mtolankhani aliyense. Safunsa adadya phula. Ife timafunsa ndithu, koma timafunsa zosayenera.

Chachiŵiri ndi nkhani ya mabungwe opereka ndalama. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, magulu ambiri a zisudzo akhala akupeza chakudya poseŵera maseŵero oitanitsidwa ndi mabungwe, onena za Edzi, za chisankho, za nkhanza za m'banja ndi zina zotero. Ntchito imeneyi si yoipa, ndipo ili ndi mizu yolemekezeka. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Travelling Theatre, m'nthaŵi ya Chris Kamlongera ndi David Kerr, lidagwira ntchito ndi anthu a m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo, ndipo oseŵera ankatembenukira kwa eni mudzi kuti atsutsane okha za mavuto ao. Koma mlendo akauza ana kuti mlembi wanzeru amayamba wafufuza uthenga umene bungwe likufuna, ndiye kuti wabzala mbeu ya maseŵero amene tatopa nao: munthu woipa ndi woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, wabwino alibe banga, ndipo kumapeto kumaloŵa namwino kapena mfumu kudzalakatula zimene zidalembedwa pa kapepala ka bungwe. Oonerera amadziŵa mathero seŵero likungoyamba. Amakhala chifukwa cha ulemu, koma mtima wao sukhudzidwa, ndipo uthenga womwewo umafera m'holo.

Pamenepa ndi pamene akuluakulu amene adaseŵera m'nthaŵi ya chipani chimodzi angatithandize, tikadziŵa kuŵafunsa. Malinga ndi lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa, seŵero linkayenera kuyamba lapita ku bungwe la Censorship Board lisanaonetsedwe pagulu, ndipo bungwelo linkadula mau kapena kuletsa seŵero lonse. Olemba adaphunzira kubisa nkhani za masiku ao m'mbiri yakale, m'nthano ndi m'miyambi, nakhulupirira kuti oonerera amva okha. Sitikulakalaka kuti masiku amenewo abwerere, pakuti adazunza anthu: mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Koma m'masautso amenewo mudatuluka phunziro limene likutayika m'nthaŵi ya ufulu, lakuti woonerera ndi munthu wanzeru, ndipo seŵero lomsiyira ntchito yoganiza limakhalitsa mumtima kuposa lomtafunira zonse. Kale mlembi ankaopa lumo la boma. Lero amaopa kukhumudwitsa wopereka ndalama. Mantha aŵiri onseŵa amalanda cholembera m'manja mwa mwini wake, ndipo amene adapulumuka oyambawo ali ndi mau oti auze amene akulimbana ndi achiŵiriwo.

Chachitatu ndi kutsanzira. Mlendo wotchuka akachoka pa sukulu, pa mpikisano wotsatira timaona ana akuyenda monga amayendera iye, akukweza liwu pamene iye amakwezera, akubwereza nthabwala zake zomwe. Apa tiyenera kunena poyera kuti katswiri naye amalakwa. Iye amadziŵa chimene chidakondweretsa anthu dzulo, ndipo chifukwa chakuti adavutikira kuchipeza, amachedwa kukhulupirira china chatsopano. Wanthabwala angathe kuuza mwana kuti Amalaŵi safuna seŵero lachisoni. Wozoloŵera Chingerezi angathe kumuuza kuti Chicheŵa, Chitumbuka kapena Chiyao n'zoseketsera chabe. Zonse ziŵirizi n'zabodza, ndipo mwana woziloŵetsa mumtima angathe kukwirira seŵero limene palibe wina akadalilemba koma iye. Mlendo wabwino amapereka kalumo, sameta mwana aliyense kuti afanane naye. Mwananso aphunzire kusiyanitsa malangizo okhudza umisiri, monga akuti mau aŵa atalika, amene ayenera kuŵamvera, ndi malangizo okhudza mtima wa nkhani yake, amene ayenera kuŵaika pa sikelo asanaŵalandire.

Tichite chiyani?

Njira siisoŵa, ndipo sitifunika kukaibwereka kutali. Gulu la olemba limene lidayamba ku Chancellor College mu 1970, m'mene mudadzera anthu monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande, linkakumana sabata ndi sabata. Chimene chinkaikidwa pakati pa msonkhano chinali cholembedwa cha mmodzi mwa iwo, ndipo aphunzitsi ndi ophunzira ankachisanthula mosayang'ana nkhope. Anyamata amenewo sadakule chifukwa chomva mbiri za anthu otchuka. Adakula chifukwa ntchito yao inkagwidwa ndi manja a ena, iwo ali pomwepo, n'kumabwerera kukalembanso. Mwambo umenewu ndi umene tiyenera kuulumikiza ndi kubwera kwa mlendo.

Sitikupempha zinthu zofuna ndalama zambiri. Makope afike kwa mlendo sabata imodzi kapena ziŵiri iye asanabwere, kuti adzafike atadziŵa kale ana amene akudzalankhula nao. Zolankhula za oitana zikhale zazifupi. Munthu mmodzi alonjere mlendo, basi. Kenaka mipando ikankhidwire kumbali, ana aimirire, ndipo masamba aŵiri kapena atatu a seŵero lililonse aŵerengedwe mokweza ndi anzake a mlembi, iye ali chete pambali akumva mau ake m'kamwa mwa ena. Kanthaŵi kameneko kamaŵaŵa, koma sikanama. Mlendo adule, afunse, ayesetse njira ina, ndipo pamene akukonza tsamba la mwana mmodzi, onse aone, pakuti zolakwa za olemba ongoyamba zimafanana. Ngati n'kotheka, mlendo yemweyo abwerenso patapita mwezi kudzaona zimene anawo achita ndi malangizo ake, chifukwa woyatsa moto ayenera kubwerera kudzaona ngati nkhuni zagwira.

Tisamaitane otchuka okhaokha. Mai amene amasoka zovala za oseŵera, mnyamata amene amasamala magetsi ndi zokuzira mau, munthu wokhala pakhomo kulandira ndalama, amene amamva zimene anthu amanena potuluka, onseŵa ali ndi zophunzitsa mlembi. Ngakhale gogo wa m'mudzi wodziŵa kusimba nthano, amene sadaloŵepo m'holo, amadziŵa kuika nyimbo pamene ana ayamba kusinza, ndipo limeneli ndi phunziro la kamangidwe ka seŵero. Tikumbukirenso kumlipira mlendo. N'kosayenera kuitana munthu amene amadya za luso lake, kumchotsa pa ntchito tsiku lathunthu, n'kumbweza ndi botolo la chakumwa ndi mau othokoza, kenaka n'kumauza ana kuti zisudzo ndi ntchito yolemekezeka. Ana amaphunzira pa zimene timachita.

Chotsiriza, chimenenso mwina n'chachikulu pa zonse, ndi chakuti zimene mlendo walankhula zisungidwe. Lero foni ya m'manja imajambula mau ndi zithunzi, chinthu chimene oseŵera a mu 1970 sakadachilota. Mlendo akavomera, wina ajambule, wina alembe pa pepala, ndipo zolembazo ziikidwe m'laibulale ya sukulu, zina zipite kwa mwini mau. Apemphedwenso kuti ngati ali ndi maseŵero akale m'sutikesi kunyumba, alole kuti ataipidwe chiswe chisanaŵamalize. Ntchito imene Heminges ndi Condell adachitira mnzao siidafune maphunziro apamwamba. Idafuna anthu aŵiri okumbukira ndi osamala. Sukulu iliyonse yoitana mlendo ingathe kuchitako pang'ono ntchito yomweyo, ndipo patapita zaka 10 ana athu angakhale ndi nkhokwe imene ife taisoŵa.

Aŵerengi okondedwa, ena mwa inu ndinu aphunzitsi, ena atsogoleri a achinyamata, ena makolo a mwana amene amadzitsekera m'chipinda n'kumalemba anthu olankhulana kumapeto kwa kope la masamu. Mwana ameneyo sasoŵa womuuza kuti angathe kutchuka, pakuti wailesi ndi foni zimamuuza tsiku ndi tsiku. Akusoŵa munthu wodziŵa ntchito amene angaŵerenge tsamba lake mosamnyengerera, namuonetsa pamene mpweya ukuthera. Mtsikana uja adapeza mwai wotere chifukwa adalimba mtima kuthamangira galimoto. Anzake ambiri adabwerera ku nyumba zao zogona makope ali chitsekere. Tsiku lina mlendo akadzafika pa sukulu yanu kapena pa gulu lanu, chimene chidachitikira panja m'fumbi chija chidzachitikire m'kati mwa holo, dzuŵa likadali pamutu, ndipo chidzakhale choyamba.